Ku Berlinale 2024, tsiku ndi tsiku

Loweruka, 17 Febuluwale

Ndafika ku Berlin abale, ndipo kuzizira kwake ndi kolowa mpaka m'mafupa, pofika cha m'ma 5 koloko madzulo kunali kutayamba kale kuda. Chandibweretsa ndi Berlinale, chikondwerero cha mafilimu chomwe chinayamba mu 1951, ichi ndi cha nambala 74 ndipo anatsegulira Lachinayi pa 15. Ambiri amathamangira ku Potsdamer Platz kukaona anthu otchuka akuyenda pa kapeti yofiira ija, ine zanga ndi ma documentary basi, aja mafilimu a anthu enieni ndi mavuto awo enieni. Chaka chatha Golden Bear, yomwe ndi mphoto yaikulu pano, anatenga ndi Nicolas Philibert ndi documentary yake ya anthu odwala matenda a maganizo omwe amakumana pa chibwato china pa mtsinje wa Seine ku Paris, nde chaka chino ndinati ndikaone ndi maso angawa.

Matikiti amagulitsa pa intaneti, amatsegula 10 koloko m'mawa kutatsala masiku atatu kuti filimuyo ionetsedwe, ndipo ena amatha mphindi zochepa chabe, ndiye amene mukufuna kudzabwera chaka china foni izikhala m'manja nthawi imeneyo.

Madzulo ndinayenda wapansi mumsewu wa Unter den Linden. Moyang'anizana ndi embase ya Russia anthu aunjika maluwa, makandulo ndi zithunzi za Alexei Navalny, wandale wotsutsa boma la Russia, amene dzulo alengeza kuti wamwalira kundende ina kumpoto kwenikweni kwa Russia. Munthuyu anachira konkuno kuchipatala cha Charité mu 2020 atamuthira poizoni, ndipo ambirife tinamudziwa kudzera mu documentary ya Daniel Roher yomwe inapata Oscar chaka chatha, muja akuimbira foni mmodzi mwa anthu omwe ankamulondalonda, winayo osazindikira mpaka kuulula zonse. Panali anthu akulira pamenepo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo sanakumanepo naye, anangomuona pa sikirini akuseka ndi mkazi wake ndi ana ake.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Lero kunali filimu ya Dahomey ya Mati Diop ku Berlinale Palast, holo yaikulu ya chikondwererochi, ndipo ndikulemba izi mutu udakali komweko. Filimuyi ndi yaifupi, ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma ya nyama zedi. Nkhani yake ndi ya zinthu 26 zachifumu zomwe asilikali a France analanda ku Abomey, likulu la ufumu wakale wa Dahomey, mu 1892 pa nkhondo yolimbana ndi mfumu Béhanzin, zinakhala ku Paris zaka zoposa 100, kenako mu Novembala 2021 anazibweza ku Benin.

Chomwe Diop wachita ndi chakuti wachipatsa pakamwa chimodzi mwa ziboliboli zija, cha mfumu Ghezo, chomwe pa mndandanda anachilemba nambala 26. Tikuona ogwira ntchito ku myuziyamu ya quai Branly atavala magolovesi akuchiyeza, kuchimanga malamba, kuchigoneka chafufumimba m'bokosi la matabwa ngati maliro, ndipo kamera ikutsala m'kati momwemo pomwe akutseka chivundikiro. Mdima bii holo yonse, kumangomveka kulira kwa makina omangira masukuluu. Ndiye mumdima momwemo mawu akuyamba kulankhula m'chilankhulo cha Fon, mawu osadziwika kuti ndi a mwamuna kapena a mkazi, akudabwa chifukwa chake amutchula 26, akudzifunsa ngati kwawoko akamuzindikire, ngati iyenso akakuzindikire kwawoko. Mawuwo analemba ndi Makenzy Orcel wa ku Haiti, dziko lomwe makolo a anthu ambiri anachita kutengedwa pa gombe lomwelo la Benin, ndiye mukhoza kuona kulemera kwake.

Koma pomwe ine pandigwira kwambiri ndi chigawo chachiwiri, ophunzira a pa yunivesite ya Abomey-Calavi atakhala mu holo akupatsirana maikolofoni nkumakangana. Wina akuti zinthu 26 pa zinthu 7,000 zomwe zinatengedwa nkutukwana kumene, tisavine ayi. Wina akuti ayi, kuyamba nkuyamba. Wina akuti zonsezi ndi ndale za Emmanuel Macron wa ku France ndi pulezidenti mnzake Patrice Talon wa ku Benin, aliyense akufuna dzina labwino. Ena akufunsa kuti kodi zinthu zachipembedzo cha vodun nzoika m'magalasi kuti anthu azizizungulira, si azungu omwewo anatiphunzitsa zimenezo? Enanso akudandaula kuti mkangano wonsewu akuuchita m'Chifalansa chifukwa kusukulu sanawaphunzitse m'zilankhulo zawo. Palibe katswiri wochokera kunja wokhala pampando kutilongosolera tanthauzo la zomwe tikuona, palibe mawu a mtolankhani pamwamba pake. Eni nkhani akudzilankhulira okha ndipo sakugwirizana, filimuyo nkuwasiya choncho osagwirizana. Ine ndakonda zimenezo kwambiri, chifukwa kangati taonera mafilimu a za Africa momwe munthu wakuda amangooneka akulira kapena akuvina, woganiza ali wina.

Mati Diop ndi wa ku France komanso Senegal, bambo ake ndi woimba Wasis Diop, ndipo malemu Djibril Diop Mambéty, katswiri wa mafilimu uja, anali m'bale wawo wa bambo akewo.

Lolemba, 19 Febuluwale

Lero sindinalowe mu holo iliyonse, Dahomey inandituma kwina. M'mawa ndinapita ku Humboldt Forum, chinyumba chachikulu pakati pa mzinda chomwe anachimanga motengera nyumba yakale ya mafumu a Prussia, m'kati mwake muli zinthu zambirimbiri zochokera ku Africa, Asia, Oceania ndi America. Muli mpando wachifumu wa ku Bamum ku Cameroon, wokutidwa ndi mikanda thupi lonse, womwe mfumu Njoya anapereka kwa mfumu ya Germany, Kaiser Wilhelm II, mu 1908. Amati inali mphatso, koma mphatso yopereka kwa munthu amene asilikali ake ali pakhomo pako nayonso imafuna kuifunsa bwino. Mulinso zosula zamkuwa za ku Benin City ku Nigeria (musasokoneze ndi dziko la Benin la dzulo lija) zomwe Angelezi analanda mu 1897 nkuzigulitsa m'mamyuziyamu a ku Ulaya. Mu 2022 Germany inasaina kuti zoposa 500 zomwe zinali ku Berlin tsopano ndi za Nigeria, ndiye zomwe ukuziona panopa nzobwereka kwa eni ake.

Ndinaima nthawi yaitali pa galasi limodzi kumvetsera chete wa m'chipindamo, ndipo zinali zovuta kuziyang'ana monga kale, chifukwa ukangomva chiboliboli chimodzi chikulankhula, zinzake zonse umayamba kuziganizira kuti nazonso zili ndi zonena.

Masana ndinadutsa ku Wilhelmstraße komwe kuli chikwangwani chokumbutsa msonkhano wa Berlin, womwe Bismarck, mkulu wa boma la Germany nthawiyo, anaitanitsa kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885. Mayiko 14 anakhala pansi kugwirizana malamulo ogawanirana Africa, popanda munthu mmodzi wa ku Africa patebulopo. Nyumba yakeyo kulibenso, pali mafulati wamba ndi magalimoto oimikidwa. Kuchokera pamenepo kukafika ku Berlinale Palast ndi kamtunda koyenda pansi, ndipo chaka chino wapampando wa oweruza mafilimu kumeneko ndi Lupita Nyong'o wa ku Kenya, munthu wakuda woyamba kukhala pampando umenewo.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

No Other Land. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati anthuni.

Anaipanga anthu anayi, Basel Adra ndi Hamdan Ballal a ku Palestine, Yuval Abraham ndi Rachel Szor a ku Israel, ndipo anajambula kuyambira 2019 mpaka 2023 ku Masafer Yatta, midzi ing'onoing'ono kumwera kwa West Bank. Asilikali a Israel anati dera limeneli ndi malo awo ophunzirira kuombera, Firing Zone 918, mlandu unakhala kukhothi zaka zoposa 20, mu Meyi 2022 khothi lalikulu la Israel linagamula kuti anthuwo atha kuchotsedwa. Zomwe tikuona ndi momwe kuchotsako kumachitikira, osati tsiku limodzi ayi koma nyumba imodzi sabata ino, khola sabata yamawa, chimbudzi, sukulu ya pulayimale ana akutulutsidwa m'kalasi buludoza ili panja, chitsime akuchithira simenti, mapaipi a madzi akuwadula. Anthu akumanganso usiku, kukacha akubwera kudzalanda zipangizo. Ena abwerera kukakhala m'mapanga.

Basel anabadwira momwemo, anaphunzira zamalamulo koma ntchito palibe, chida chake ndi kamera ndi foni. Nthawi zambiri chithunzi chikugwedezeka chifukwa akuthamanga, ukumva kupuma kwake wefuwefu, akukuwa kuti ndikukujambulani, ndikukujambulani, poti palibenso china chomwe angadzitetezere nacho. Pali malo pomwe asilikali akulimbirana jenereta ndi mnyamata wina, Harun Abu Aram, pa 1 Januwale 2021, kenako kulira kwa mfuti. Harun anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika, ndipo tikumuona atagona pamatiresi m'phanga mayi ake akumusamalira, atolankhani akubwera kumujambula nkumapita, mayiwo akungopempha chipinda chaukhondo choti mwana wawo agonemo. Harun anamwalira mu Febuluwale 2023. Pamenepo mayi wina amene anakhala pafupi nane anabisa nkhope mu sikafu ndipo sanaichotsenso mpaka patapita nthawi.

Koma mtima wa filimuyi kwa ine ndi macheza a Basel ndi Yuval usiku, ali m'galimoto kapena atakhala panja atatopa. Ndi anyamata a msinkhu umodzi, akugwira ntchito imodzi, amakondana ndithu, koma galimoto ya Yuval ili ndi nambala yachikasu yomwe imadutsa paliponse, ya Basel ndi yobiriwira, singatuluke mu West Bank. Yuval akatopa amapita kwawo kukasamba nkugona. Basel kwawo ndi komwekuno. Pena Yuval akudandaula kuti nkhani yomwe walemba anthu sanaiwerenge ambiri, Basel nkumuuza mofatsa kuti iwe ukufuna zonsezi zithe m'masiku 10, izi zakhalapo zaka makumimakumi, phunzira kupirira. Sanabise kusiyana kumeneku kuti ubwenzi wawo uoneke wokoma, anakusiya poyera, ndipo nchifukwa chake ndawakhulupirira.

Ndinatuluka osafuna kulankhula ndi munthu, ndinakwera U-Bahn, sitima ya pansi pa nthaka, kubwerera kogona. Martin Scorsese akulandira mphoto yaulemu usiku uno koma ine mphamvu zandithera.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Ya lero yandisiya ndi mafunso omwe sindinawamalize. Une famille, ya Christine Angot, mlembi wa mabuku wa ku France. Bambo ake omubereka anayamba kumugwirira ali ndi zaka 13, ndipo wakhala akulemba za nkhaniyi m'mabuku kwa zaka zambiri. Bambowo anamwalira kale. Ndiye ataitanidwa ku Strasbourg kukakamba za buku lake, mzinda womwe bambowo ankakhala, anatenga ojambula nkukagogoda pakhomo pa mkazi wamasiye wa bambo akewo. Mayiwo akutsegula, akuona kamera, akufuna kutseka, Angot akukankha chitseko nkuitana anzakewo kuti lowani, ndikukufunani.

Kunena zoona pamenepo thupi langa linakana. Kulowa m'nyumba ya nkhalamba mokakamiza, kamera ili chiyakire? Koma atakhala pansi nkuyamba kulankhulana ndinayamba kumvetsa chifukwa chake sakanalowa yekha. Mayiwo akulankhula mwaulemu, mawu osalala, akuti ndimakumvera chisoni, ndipo Angot akukana chisonicho chifukwa ndi chisoni chomuika iye patali, ngati tsoka linangomugwera kuchokera kumwamba, pomwe wolakwayo anali mwamuna wa m'nyumba momwemo. Kwa zaka zonsezi akalankhula anthu ankati ndi nkhani za m'mabuku. Kamera yabwera ngati mboni. Kenako akukhala pansi ndi mayi ake omubereka, ndi mwamuna wake wakale, aliyense akufunsidwa kuti unadziwa liti ndipo unachitapo chiyani, ndipo mayankho ake ndi omwe timawadziwa tonse, mantha, manyazi, kusafuna kupasula banja. Amene akunena mawu omwe iye wakhala akudikira ndi mwana wake wamkazi, mawu ochepa chabe osonyeza kuti zimamupweteka kuti mayi ake zinawachitikira zimenezi.

Mpaka pano sindinganene kuti kukankha chitseko kuja kunali bwino. Mayi aja anakadandaula kwa apolisi ndipo filimuyo sikubisa zimenezo. Koma ndikudziwanso kuti nkhanza za m'banja zimakhalitsa chifukwa cha zitseko zotseka mwaulemu ngati chimenecho, ndipo amene amauzidwa kuti akhale ndi khalidwe nthawi zonse amakhala wolakwiridwayo.

Lachinayi, 22 Febuluwale

M'mawa Intercepted ya Oksana Karpovych wa ku Ukraine. Iyi njosiyana ndi zinzake, simuona kuomberana ayi. Maso akuona nyumba zogumuka, khitchini mbale zili pathebulo khoma palibe, anthu akusesa magalasi, ena akukolola, ena akusambira kunyanja moyo ukupitirira. Makutu akumva mafoni a asilikali a Russia akuimbira kwawo mu 2022, omwe a zachitetezo a Ukraine anatchera nkuwatulutsa. Ena akudzitama ndi zomwe aba, ena akunena za anthu omwe apha, ena akuchita kumveka kuti atha nzeru ndipo sakudziwa chomwe akufera. Chondiopsa kwambiri sanali asilikaliwo, anali mawu a akazi awo ndi amayi awo ali kunyumba, ena akuitanitsa katundu, ena akubwereza mawu achidani omwe amva pa TV mwaukali kuposa mwana wawo amene ali kunkhondoyo.

Madzulo ndinafuna kopumira ndipo ndinakupeza kwa Ruth Beckermann. Favoriten ndi dzina la dera lina ku Vienna, ndipo mayiyu anakhala zaka zitatu akujambula kalasi imodzi ya pulayimale komwe ana ambiri kunyumba salankhula Chijeremani, makolo awo ndi ochokera ku Turkey, Syria, Serbia ndi kwina. Mphunzitsi wawo Ilkay Idiskut ndi munthu yemwe ndikanakonda mwana aliyense atamupeza, amavina nawo, amawafunsa maganizo awo pa za nkhondo, za chipembedzo, za zomwe mtsikana angachite, ndipo mwana akanena zomwe wamva kwa bambo ake samunyoza, amangomufunsanso kuti iweyo ukuganiza bwanji. Beckermann si wa m'kalasimo, ndi mlendo, koma pena amawapatsa anawo foni kuti azijambulana okha ndi kufunsana okha mafunso, ndipo pamenepo filimu imatsekemera. Chomvetsa chisoni ndi chakuti mphunzitsiyo atatsala pang'ono kupita kukachira, sukulu inavutika kupeza wolowa m'malo mwake, aphunzitsi akusowa ngakhale mumzinda wolemera ngati umenewo. Kulira kwa ana aja potsanzikana, eeh.

Lachisanu, 23 Febuluwale

My Stolen Planet ya Farahnaz Sharifi wa ku Iran. Anabadwa mu 1979, chaka chomwe dziko lake linasintha ulamuliro, ndipo akuti ali ndi zaka 7 anazindikira kuti akukhala m'maiko awiri, la panja lovala hijab ndi kufuula zomwe wauzidwa kusukulu, ndi la m'nyumba komwe akazi amavina, kuimba ndi kuseka tsitsi lili pamtunda. Atakula anayamba kujambula moyo wa m'nyumbawo, komanso kugula timafilimu takale ta Super 8 ta mabanja osawadziwa, ta maukwati, ta masiku obadwa, ta kunyanja, tomwe eni ake anatisiya pothawa kapena tinalandidwa. Amatisunga chifukwa boma likufuna anthu aiwale kuti moyo wotere unaliko. Nthawi yomweyo mayi ake akudwala Alzheimer's, akuiwala pang'onopang'ono, ndiye kuiwala kwa mayi ndi kuiwalitsidwa kwa dziko zikuyendera limodzi popanda iye kuchita kutiloza ndi chala.

Sharifi anabwera ku Germany mu 2022, kenako mtsikana wina, Jina Mahsa Amini, anafera m'manja mwa apolisi ku Iran mu Seputembala chaka chomwecho, zionetsero zinabuka, ndipo iye sanathenso kubwerera. Chigawo chomaliza ndi mavidiyo a pafoni omwe anthu wamba anajambula m'misewu, ena mobisa pawindo. Ndazindikira kuti sabata yonseyi zithunzi zomwe zandikhudza kwambiri ndi zosaoneka bwino, zogwedezeka, zojambulidwa ndi munthu amene akanatha kumangidwa kapena kufa chifukwa chojambulacho.

Pa chikondwerero chomwechi anthu awiri a ku Iran, Maryam Moghaddam ndi Behtash Sanaeeha, filimu yawo ili pa mpikisano waukulu koma eni ake kulibe, boma linawalanda mapasipoti.

Loweruka, 24 Febuluwale

Lero zakwana zaka ziwiri chiyambireni Russia kulowa mu Ukraine ndi nkhondo yaikuluyi, ndipo masana ku Brandenburger Tor, chipata chotchuka cha mzindawu, kunali khamu la anthu ndi mbendera za buluu ndi chikasu. Nditaonera Intercepted dzana, sindikanatha kungodutsa, ndinaima nawo.

Usiku mwambo wa mphoto ndinaonera pa intaneti. Abale, Dahomey yatenga Golden Bear! Lupita Nyong'o kupereka chimbalangondo chagolide kwa Mati Diop, mumzinda womwewu wa msonkhano wa 1884 uja, ndinakuwa ndekha m'chipinda. Ndiye kuti zaka ziwiri zotsatizana mphoto yaikulu yapita kwa documentary. Diop polankhula anati kubweza zomwe zinalandidwa ndiko kuchita chilungamo.

No Other Land yatenga mphoto ya documentary yopambana. Basel anati nkovuta kuti asangalale pomwe anthu ake zikwizikwi akuphedwa ku Gaza, ndipo anapempha Germany kuti isiye kutumiza zida ku Israel. Yuval anati pakapita masiku awiri abwerera kudziko komwe awiriwa sali ofanana, iye ali pansi pa malamulo a anthu wamba, Basel pansi pa malamulo a asilikali, chonsecho amakhala motalikirana mphindi 30 zokha, ndipo anapempha kuti nkhondo iime. Holo inaomba m'manja.

Lolemba, 26 Febuluwale

Dzulo linali tsiku lomaliza, ndipo pa mavoti a anthu oonera m'chigawo cha Panorama, No Other Land yakhala yoyamba pa ma documentary, My Stolen Planet yachiwiri. Koma nkhani yomwe yadzaza m'manyuzi kuno si imeneyo. Andale angapo, kuphatikizapo meya wa Berlin Kai Wegner, adzudzula mwambo wa Loweruka kuti unali wa mbali imodzi, ena mpaka akuti unali wodana ndi Ayuda, poti olankhula ambiri sanatchule za kuukira kwa Hamas pa 7 Okutobala komwe kunaphetsa anthu pafupifupi 1,200 ndi za anthu omwe Hamas inawagwira nkupita nawo ku Gaza. Imfa zimenezo nzowawa ndipo ndikumvetsa chifukwa chake dziko la Germany, ndi mbiri yake, limanjenjemera pa nkhaniyi. Koma Yuval Abraham ndi Myuda, ndipo zomwe ananena pa siteji ndi zomwe zili mufilimu yomwe oweruza anaipatsa mphoto ndi anthu oonera anaivotera.

Chandipweteka kwambiri ndachiona ndili pano pa bwalo la ndege kudikira kukwera. Nduna ya zachikhalidwe Claudia Roth anajambulidwa akuomba m'manja Loweruka, ndiye ofesi yake yatulutsa uthenga woti kuomba m'manjako kunali kwa Yuval, mtolankhani wachiyuda wa ku Israel. Anthu awiri anaima pa siteji imodzi, apanga filimu imodzi kwa zaka zonsezi, wina mpaka anamenyedwapo akuijambula, ndipo boma likuchita kulongosola kuti m'manjamo munali mwa mmodzi yekha. Ndikanakonda onse amene akulankhula lerowa akanayamba akhala pansi nkuionera filimuyo mpaka kumapeto, aone mayi ake a Harun m'phanga muja, kenako adzatiuze kuti ndi mawu ati a Basel omwe sanayenere kunenedwa. Akutiitana kuti tikwere, zina ndilemba ndikafika.